Nambala ya pa Chitseko Chopsa

Uthenga unamupeza Misozi Daka atasegula foni ya kasitomala pabenchi lake lokonzera mafoni mumsika wa Katondo. Sunabwere ndi mbale kapena mnzake ayi. Unabwera ngati kanema pagulu la pafoni la anthu a ku komboni ya Railways: kashedi kamalata kakufuka utsi wakuda, chitseko chili pululu, amayi akukuwa. Pansi pake wina anali atalemba kuti, "Onani vamene bachita ba mudala ba tumotoka." Anthu makumi atatu anali ataikapo kale tinkhope toseka. Kashediko kanali ka bambo ake.

Atafika kupolisi Loweruka lomwelo masana, anapeza lamba ndi zingwe za nsapato za bambo akewo zili patebulo. Zimenezi ndi zomwe zinamuwawa kuposa kanema uja. Bambo Adamson Daka anagwira ntchito ya magetsi kuweshopu ya njanji zaka makumi atatu ndi zinayi osawotchako ngakhale fyuzi, lero n'kuwavula lamba ngati wakuba nkhuku, ali chivalire jekete la kumaliro!

Kuseri kwa tebulo kunali Sajeni Chikomeni, bambo wathupi lake, wolankhula modekha ngati alibe kopita.

"Nkhani ni iyi, sisi," anatero sajeniyo. "Moto wayamba mu shedi ya batate banu kuma nine forty. Bamai Thelma Miti, bakazi ba landilodi, bangena kuti bachose mashini yao yosokela. Bapya manja yonse yabili, bali ku chipatala. Ba Ezra Miti bapeleka statement. Monday ni ku court."

"Atata benze ku malilo ku Natuseko kuchokela kuseni! Bantu two hundred banabaona!"

"Tiziba. Ndiye mulandu wake uyo. Banasiya batire pa chaja malaiti kulibe, bayenda. Malaiti yabwela nine hours, chaja yayamba, batire yapulika. Kusasamala."

Kusasamala! Misozi anaseka ndi mkwiyo. Bambo akewo ndi munthu amene ankabwerera pageti kawiri kukaona ngati wazimitsa ayironi yomwe sanayatse n'komwe.

Atawatulutsa m'chitokosi, Bambo Daka anabwera atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Chipumireni pantchito, mkazi wawo atamwalira, mtima wawo wonse unapita pa timagalimoto toyendetsa ndi rimoti. Loweruka lililonse madzulo ankakathamangitsa ndi anzawo pabwalo lafumbi kuseri kwa mashedi akale a sitima. Anthu ankawaseka, iwo osalabadira. Koma pa nkhani ya mabatire sankaseka ndi munthu.

"A sajeni, ine nili na lamulo," anatero akuwerenga ndi zala. "Pa batire palembewa 5000. Uchotsa maziro atatu, yatsala faifi. Ma ampu faifi, ola limodzi. Batire uika mu mphika wa dothi, pansi mchenga. Ndipo iwe wamene ukhala pamenepo mpaka isile. Mabatire aya si ya tochi, ukaikakamiza ifufuma, ikafufuma ni moto. Sininasiyepo batire pa chaja, olo tsiku limodzi."

Sajeni sanatsutse. Anatulutsa chaja m'pepala lapulasitiki, yakuda mbali imodzi. Mayi Thelma anaiponya panja asanapse. Anailumikiza kukhoma, kagalasi kake n'kuyaka, kakuonetsa nambala yomwe munthu womaliza kuigwiritsa ntchito anaitchera.

"Belengani mweka, ba mudala."

Bambo Daka anaweramira pafupi. "Twente?"

Misozi anadikira kuti bambo ake akalipe, amenye tebulo, afunse kuti ndani wamisala angapatse kabatire kakang'ono ma ampu makumi awiri. Koma nkhope yawo inangogwa. Anayang'ana nambala ija nthawi yaitali, kenaka anayang'ana pansi.

"Lembani chabe vamene mufuna," anatero motsitsa mawu.

"Atata! Mukamba chani?"

Bambo Daka anachoka patebulo paja. Anatembenuka okha kubwerera kuchitokosi, thalauza ali chigwirire. Apo Misozi anadziwa kuti bambo ake amuzindikira mwini nambala ija, ndipo asankha kumubisa.

* * *

Lamulungu m'mawa, mabelu a matchalitchi akulira, Misozi anali kale pa poloti ya a Miti ku Railways. Nyumba yaikulu yakutsogolo inali ya Bambo Ezra Miti. Bambo Daka ankakhala m'kanyumba kakumbuyo, chifukwa yawo anaigulitsa kalekale kuti Misozi aphunzire. Amuna awiriwa anachokera limodzi ku Petauke, anagwira ntchito weshopu imodzi, ndipo Misozi anakula akuwaitana a Miti kuti ankolo. Tsopano a Miti anali mkulu wa mpingo ku Reformed, ndipo ndi iwo amene anaimirira pamsonkhano wa akulu n'kunena kuti n'zamanyazi munthu wa imvi kumathamangitsa zidole pamaso pa achikunja.

Kashedi kanali chigoba chokhachokha. Misozi analowa akuponda makala. Pakona anapeza mphika wa dothi uja uli bwinobwino, chivundikiro chili pamwamba, pambali pake palembedwa 417 ndi penti yoyera. Imeneyo inali nambala ya bambo ake ya kuntchito. Anthu a kunjanji anali choncho: nambala yomwe anawapatsa tsiku lolembedwa ntchito ankailemba pa khasu, pa makwerero, ngakhale pa mpando, kuti obwereka asaiwale mwini wake. Anavundukula mphikawo. Mchenga unali woyera, wopanda ndi mwaye womwe. Zotsalira za batire zinali uko, zitamatirira pa thabwa lopsa la benchi.

Chitseko sichinali pamalo pake. Chinali chitatsamira mtengo wa mango, chonyowa, choyera ngati mbale yotsukidwa. Pambali pake panali chidebe chachitsulo ndi kansanza.

"Iwe Misozi! Isa kuno, mwandi!"

Anali Mayi Janeth a nyumba yoyandikana, amene amakazinga zitumbuwa kumpanda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Palibe cholowa kapena chotuluka pa poloti ya a Miti chimene chinkawadutsa, ndipo sankafuna kuchondereredwa kuti anene.

"Awe shuwa, vintu vinachitika apa! Ine nenze apa pamene nili, mafuta pa moto. Namvela chabe fuuu, monga ba welding. Nayangana, chushi, utsi bii! Bana Miti bachokela ku pompi, bataya na chidebe, bathamangila ku shedi. Nakuwa, mayo, mayo, bwelani! Awe, sibanamvele."

"Munaonako muntu angena mu shedi moto usanayambe?"

"Shedi ili kuseli kwa nyumba, siniona ku chitseko. Koma geti niona. Batate bako banachoka seven, na jekete. Kuchoka apo kulibe mlendo anangena pa geti, olo galu."

"Nanga chitseko ichi anasuka nindani?"

Mayi Janeth anatsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Ndiye vamene nadabwa, mwandi. Six hours lelo, ba elder beka na sopo. Pa Sabata! Bamene banakalipila mwana wanga kuti wachapa sokosi pa Sabata. Bakazi bali mu chipatala, beve basuka chitseko."

Misozi anayang'ananso chitsekocho. Makoma akuda bii anawasiya, benchi anaisiya, n'kusankha chitseko chokha.

"Koma batate bako naonso bachilamo, banyanya," anapitiriza mayiwo akutembenuza chitumbuwa. "Kamotoka kaja kalila monga uzuzu, nyiii, nyiii, kuseli uko. Pa Chibili kuseni, nyiii. Mutu ubaba."

"Pa Chibili kuseni?"

"Lyonse. Sikaphonya."

Misozi anatembenukira kwa mayiwo. Lachiwiri lililonse m'mawa bambo ake ankapita kukiliniki kukayezetsa shuga, ndipo iye mwini ndi amene ankawaperekeza. Kwa zaka ziwiri sanajombepo.

* * *

Kuchipatala anapeza Mayi Thelma atakhala pabedi, manja onse awiri atakulungidwa mpaka m'zigongono, atawaimika m'mwamba ngati akupemphera. Anali telala wa mayunifolomu a amayi a chigwirizano, ndipo manja amenewo ndiwo ankadyetsa nyumba ija. Misozi atawaona mkwiyo unayamba wabwerera m'mbuyo, misozi yeniyeni n'kulengeza.

"Usalile, mwana wanga," anatero mayiwo. "A Daka nawakhululukila. Ukawauze. Ni ukalamba chabe, tonse tiiwala."

Mawu abwinowo anamubaya Misozi kuposa chipongwe. Kuwakhululukira chiyani? Komabe anafunsa mwaulemu.

"Anti, shedi munaisegula na kiyi iti?"

"Sininasegule. Loko inali lende, yosakhoma. Nangokoka chitseko."

"Makiyi ya shedi yali yangati?"

"Yawili. Ina a Daka, ina ili pa mulu wa makiyi wa ankolo ako, cifukwa ca mashini yanga."

"Ankolo benze kuti?"

"Anagona. Nyamakazi inawagwila, ndiye cifukwa sanapite ku malilo. Ine napita ku pompi kuma naini, mzele unali utali." Anaima pang'ono, akuganiza. "Koma pa moto anacokela ku bafa, sopo ali m'makutu. Anathamanga bwino, mwendo unacila na mantha. Akuwa ali kutali, ati, Thelma, osagwila batire!"

"Bakuwa ati batire? Bakalibe kufika pa shedi?"

"Eee. Nanga mu shedi muja cingapse n'ciani?"

Misozi anawakonzera pilo, anawamwetsa madzi, n'kutuluka. M'khonde maganizo ake onse anali pa a Miti. Komabe kuganizira munthu si umboni, ndipo sajeni uja akanangomuuza kuti loko yosakhoma ndi kusasamala kwinanso kwa mdala yemweyo. Panalinso munthu wina amene ankayenera kumuchotsa kaye m'maganizo.

* * *

Nevers Njobvu anali ndi malo otsukira magalimoto m'tauni, ndipo ndiye anali ndi kagalimoto kothamanga kuposa onse pabwalo lija. Sabata ziwiri zapitazo anakangana ndi Bambo Daka pamaso pa anthu pa nkhani yomweyi ya kutchaja, mpaka kutchulana maina. Misozi anamupeza atakhala pa kabokosi, magalasi akuda ali pamphumi, akupukuta matayala a kagalimoto kake ndi mswachi.

"Ndimwe munangena mu shedi ya atata?" Misozi sanapereke ndi moni womwe.

"Ah, sister, relax! Ine dzulo nenze pano from six to six, funsa ba guys bonse aba. Mudala ni mudala wanga uja. Tima argue chabe."

"Imwe ndimwe mukonda kuchaja fast."

"Ine nichaja fast because batire yanga ivomela. Ona." Anatola batire yake n'kuloza timalemba tapambali. "Apa balemba 3C. Meaning ningaipase katatu pa nambala yake, fifteen amps, no problem. Ya mudala ni ya kudala, ni 1C, five amps basi. Ukaipasa ten yayamba kufufuma. Manje ba police bakamba ati zingati?"

"Twente."

Nevers anavula magalasi. "Twenty? Pa batire ija? Awe, uyo si wa game yathu. Olo mwana wa grade seven mu club sangachite. Uyo ni muntu azibako malaiti, but saziba batire iyi."

"Bakamba ati atata banaisiya pa chaja, malaiti pobwela yayamba yeka."

"Boza! Iyo ni boza ya daylight!" Nevers anadzuka, kagalimoto kakugwa pansi. Analowa m'kaofesi kake n'kutulutsa chaja yofanana ndi ija. Anailumikiza, anaika batire, kenaka anapinda manja. "Yayamba? Tiyembekeze. Yayamba?"

Chaja inangoyaka kagalasi, ili chete.

"Iyi si chaja ya foni, sister. Siyamba yeka. Ufaka chala apa, wadina, wagwilila mpaka ilile." Anadina batani, chaja n'kulira katatu. "Malaiti yakayenda, yabwela, udinanso. So ngati malaiti yanabwela nine, muntu enze mu shedi after nine, na chala chake."

Pa naini koloko Bambo Daka anali ku Natuseko, akuwerenga mawu pamaliro. Misozi anamva ngati wina wamutula katundu pamutu. Koma funso la chitseko linkamuvutabe. Munthu angatsukirenji chitseko chokha?

Kenaka anakumbukira. Ali mwana ankawatengera bambo ake chakudya kuweshopu, ndipo m'chipinda cha mabatire akuluakulu a sitima munali bolodi lakuda. Aliyense woika batire pa chaja ankalembapo ndi choko nthawi, ma ampu, ndi nambala yake. Wosalemba ankadulidwa tsiku. Bambo ake sanasiye chizolowezicho, bolodi lawo tsopano linali kumbuyo kwa chitseko cha kashedi.

"Nevers, video ija ya moto muli nayo? Ikani pa laputopu."

"Sister, ija video ni ya nsele, chipongwe chabe, osaionanso."

"Ikani!"

Anaonera limodzi. Utsi, kukuwa, wojambula akuseka. Kenaka kamera inadutsa pachitseko chomwe Mayi Thelma anachisiya chotsegula, mbali yamkati itayang'ana kubwalo. Misozi anaimitsa, n'kukulitsa chithunzi. Mizere ya choko inaoneka, yowongoka ngati ya mphunzitsi, 5A ndi 417, 5A ndi 417, kutsika mpaka pansi. Mzere womaliza unali wa dzanja lina, malemba akuluakulu opendekera kumanja.

09.20. 20A. 562.

"Five six two nindani?" anafunsa Nevers.

Misozi anali akuimba kale foni kwa Sajeni Chikomeni. Nambala imeneyo anali ataiona m'mawa womwewo, pansi pa mtengo wa mango.

* * *

Bambo Ezra Miti anabwera kuchokera kutchalitchi cha m'ma wani koloko, atavala jekete lakuda ndi tayi woyera, Baibulo lili m'khwapa, akutsimphina mwaulemu. Anapeza Misozi, sajeni ndi Nevers ataima pa mango. Mayi Janeth anali atazimitsa moto wa zitumbuwa kuti phokoso la mafuta lisawasokoneze.

"Mwana wanga Misozi," anayamba a Miti ndi mawu a paguwa, "lero mpingo wonse wapempherera atate wako. Ndinawachenjeza ine, kawiri, katatu, kuti zinthu zachibwana zili ndi mapeto ake. Koma sitiweruza."

Misozi anaona mdima. Munthu ameneyu anadya nsima ya mayi ake zaka zonse zija, ananyamula nawo bokosi lawo, lero akuchokera kukapempherera mnzake amene wamutsekeretsa yekha!

"Ankolo, mwendo uli bwanji?"

"Ukuwawa, mwana wanga, koma tipirira."

"Dzulo kuma nine twenty munali kuti?"

"Pa bedi. Ndanena kale kwa a boma."

"Chitseko mwasukila chani pa Sabata?"

A Miti anaphethira. "Mwaye umadya chitsulo. Ndi katundu wanga, kodi ndilakwa kusamala katundu wanga?"

Sajeni anatsegula laputopu ya Nevers n'kuitembenuzira kwa iwo. "Ba Miti, chaja ija siyamba yeka, taiyesa. Manje onani apa. Iyi handwriting muiziba?"

"Maso anga ndi okalamba. Aliyense angathe kulemba manambala."

Misozi anayandikira pa chitseko chija. Anawerama, anatola chidebe chija, anakhuthula madzi akuda a sopo pafupi ndi nsapato zawo zopolishidwa, n'kuchitembenuza. Pambali pake, ndi penti yofiira, malemba opendekera kumanja, panali 562.

"Ili na pa wilibala," anathandizira Mayi Janeth kumpanda. "Na pa nkhwangwa. Nimabweleka ine."

Baibulo linatsetsereka m'khwapa, a Miti n'kuligwira lisanafike pansi. Anakhala pa muzu wa mango osayang'ana ngati pali fumbi. Mawu a paguwa aja anathera pomwepo.

"Nenze nifuna chabe twenty minutes," anatero. "Napeza mabatire yonse yalibe moto. Malaiti yenze izayendanso eleven. Nati nikaipase maningi isile musanga. Ku loco, ku weshopu ya njanji, tenze kupasa twenty, thirty, batire imwa chabe monga ng'ombe. Nati nisambe, nikabwela yasila."

"Nanga choko?" anafunsa sajeni.

"Sininazibe olo kuti nalemba. Kwanja inalemba yeka. Nachiona dzulo mumazulo."

"Ndimwe mwenze kuyendesa kamotoka pa Chibili?" Mayi Janeth sanathe kudzigwira. "Imwe ba elder? Nyiii, nyiii, ndimwe?"

A Miti anabisa nkhope m'manja. "Kanikondwelesa," ananong'ona. "Kuchokela siku loyamba. Manje nikanakamba bwanji? Ine namene ninaimilila mu session ya akulu."

"Mukanakamba na pakamwa!" Misozi anakuwa mpaka agalu a nyumba yachitatu anayamba kuuwa. "Anti bapya manja chifukwa cha imwe, ndipo bakhululukila atata! Atata bagona pa simenti na shuga yao, bavula lamba, tauni yonse ibaseka pa foni, imwe muli ku chalichi mubapempelela! Munapita mweka ku police kukabalembesa! Na miyendo yanu yabili, yamene ati ibaba!"

Palibe anamuletsa. Ngakhale sajeni anadikira kuti amalize, kenaka anagwira a Miti paphewa.

* * *

Anawatulutsa Bambo Daka dzuwa litapendeka. Maso anali ofiira, ndevu zitamera tsiku limodzi lokha koma zoyera zonse. Sajeni anawakankhira lamba ndi zingwe za nsapato, n'kupepesa mawu awiri osamveka bwino. Pa benchi lapambali a Miti anali akumasula tayi woyera uja.

Misozi mkwiyo unali usanathe, ndipo wotsalawo unagwera bambo ake.

"Munaziba, atata. Pamene munaona twente, munaziba. Mwenze mufuna kuyenda ku court chifukwa cha beve?"

"Twente ni nambala ya ku loco," anatero Bambo Daka akulowetsa lamba. "Mu poloti muja tili awili chabe a ku loco."

"Manje munakhalila chani zii?"

"Ninati abwele yekha. Mkazi wake wapsa, mutu wasokonezeka, nati nimupatse nthawi. Munthu nakhala naye zaka fote." Anamanga lamba, n'kuyang'ana kuchitseko cha kuchitokosi. "Nsapato iliyonse yopita pa khonde apo, nenze kuti ni yeve. Mpaka kwacha. Mpaka belu ya chalichi yalila."

A Miti anadzutsa mutu. "A Daka, ine..."

"Zaka ziwili, a Miti," anawadula, osakweza mawu. "Muganiza sininali kuona fumbi pa matayala? Pa Chiwili paliponse nenze kukusiyilani batire yodzala pa shelufu ya kumanzele, kuti musagwile chaja. Imwe muyesa inali kudzala yokha? Dzulo sininasiye chifukwa pa Chisanu malaiti kunalibe tsiku lonse, ndipo nenze kuti muli na ine ku malilo."

A Miti anaweramitsanso mutu. Zaka ziwiri akuzemba ngati mbala, akufufuta mapazi awo pafumbi, akudzudzula mnzawo pamsonkhano, pomwe mnzawoyo ankawakonzera choseweretsa n'kuwasiyira.

"Mukanangogogoda," anatero Bambo Daka. "Nikanakuphunzitsani. Yenze chabe faifi."

Sajeni anatambasula dzanja. A Miti anavula lamba wawo, ndipo anauika patebulo, pamalo pomwe panali wa mnzawo.

Panja Nevers anali akudikira ndi galimoto. Bambo Daka anaima pamasitepe, akupuma mpweya wa kunja, zingwe za nsapato zili m'manja. Misozi anagwada n'kuyamba kuwalowetsera yekha.

"Tipite mukasambe, atata, mudye, mumwe mankhwala."

"Tiyambile ku chipatala. A Thelma amve kwa ine, asamve kwa Janeth."

"Tikachoka uko nikupelekeni ku nyumba?"

Bambo Daka anayang'ana mbali ya ku Railways, komwe anakhala moyo wawo wonse wa ukulu, komwe mkazi wawo anadzala mango uja.

"Kwako ku Katondo kuli malo ya matilesi imodzi?"

"Yaliko."

"Ukanitengele mphika wanga na mankhwala," anatero. "Pa geti paja ine sinizapitanso."